Kumvera Koona M'banja la Chikhristu

M'mamawa wa dzinja, nkhungu isanayere m'zitunda za ku Thyolo, anthu ambiri a m'midzi ya ku Khonjeni amakhala atalowa kale m'minda ya tiyi, madengu ali kumsana. Lamulo la ntchito yawo ndi lodziwika: kuthyola masamba awiri anthete pamodzi ndi kansonga kake. Kapitawo akaima pafupi, aliyense amathyola motero. Koma akangopotoloka, ena amayamba kupulula ndi masamba okhwima omwe kuti dengu likalemere pasikelo. Pamaso onsewa ndi omvera, chikhalirecho kumvera kwawo n'kosiyana. Kusiyana komweku kumapezekanso m'mabanja achikhristu.

Pali mwana amene amatsuka mbale chifukwa bambo ake ali pakhonde ndi chikoti, ndipo pali wina amene amazitsuka makolo ake ali kumaliro kutsidya kwa Ruo. Woyambayo akumvera chikoti. Chikadzathyoka, kumvera kwakenso kudzathera pomwepo. Pa chaputala 6 cha kalata yake kwa Aefeso, Paulo adadzudzula kugwira ntchito pongofuna kuonedwa, ndipo m'chaputala chomwecho ndi mmene adalangizira ana kuti azimvera makolo awo mwa Ambuye.

Chitsanzo chogwira mtima chili pa Yeremiya 35, ngakhale kuti sichilalikidwa kawirikawiri. Yonadabu, mwana wa Rekabu, adalamula mbumba yake kuti isamamwe vinyo, isamamange nyumba kapena kulima minda ya mpesa, koma izikhala m'mahema. Patapita zaka zoposa 200, mneneri Yeremiya adaitanira zidzukulu zake m'chipinda china cha Nyumba ya Mulungu n'kuziikira mbiya za vinyo ndi zikho. Wowapatsa vinyoyo adali mneneri, malo ake adali opatulika, ndipo Yonadabu adali ataola kalekale m'manda. Komabe Arekabuwo adakana. Padalibe kapitawo wowayang'anira. Mawu a kholo lawo adali atasanduka chikhalidwe chawo.

Makolo ambiri amakonda nkhani yotereyi chifukwa amaganiza kuti ikudzudzula ana okha. Amaiwala kuti Paulo atatha kulangiza ana, adatembenukira kwa abambo n'kuwachenjeza kuti asamapsetse mtima ana awo. Bambo amene amalandira malipiro kuesiteti n'kukathera pa kachasu, kenaka n'kufika kunyumba usiku akuletsa mnyamata wake kumwa mowa, akungotaya mawu. Mwana amamva ndi maso kuposa ndi makutu. N'zoona kuti wosamva adamva nkhwangwa ili m'mutu, koma nthawi zina amene adanola nkhwangwayo ndi kholo lomwe.

Pamene pavuta kwenikweni ndi apa: kodi mwana azimvera chilichonse? Taganizirani za mtsikana wa zaka 15 amene ali mu Fomu 2. Chimanga chatha m'nkhokwe, fizi yasowa, ndipo kwabwera mwamuna wochokera ku Joni ali ndi ndalama m'thumba. M'midzi ya chikamwini ngati ya kuno, mawu a malume ndi olemera kuposa a bambo, ndiye malumewo akuti mtsikanayo akwatiwe. Mayi ake, amene amavala yunifomu ya chigwirizano cha amayi kutchalitchi, akumukumbutsa lamulo lachisanu lolemekeza atate ndi amayi. Akakana, anthu amutcha wamwano. Akavomera, sukulu yathera pomwepo.

Baibulo lomwelo limasimba za anamwino awiri, Sifra ndi Puwa, amene Farao adawalamula kupha ana aamuna a Ahebri pobadwa. Iwo sadamvere, ndipo Eksodo 1 akunena kuti Mulungu adawachitira zabwino chifukwa adamuopa. Petro nayenso, pa Machitidwe 5, adauza bwalo la akuluakulu kuti Mulungu ndiye woyenera kumumvera koposa anthu. Motero ulamuliro wa kholo uli ngati wa nyakwawa: ndi weniweni, koma uli ndi mwini wake pamwamba. Malume amene akugulitsa tsogolo la mwana chifukwa cha thumba la ufa wapitirira malire a udindo umene adapatsidwa. Ngakhale malamulo a dziko akutsutsana naye, pakuti kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a Malawi salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18.

Komabe pali msampha wina, makamaka kwa ophunzira amene angolawa pang'ono mabuku. Ena amati akatumidwa kuchigayo kapena kukadula nthochi, amayamba kunena za ufulu wawo ngati kuti amayi awo ndi Farao. Kumeneko si kuopa Mulungu ayi, ndi ulesi chabe wovala jekete. Sifra ndi Puwa adakana lamulo limodzi lokha, lakupha, koma ntchito yawo yaunamwino sadaisiye.

Mtsikana wa ku Khonjeni uja angathe kutsata njira yomweyi. Angagwade pamaso pa malume ake n'kunena mwaulemu kuti za ukwatizo sangavomere. Akapanda kumvedwa, angakadandaule kwa akulu ampingo, kwa aphunzitsi kapena kwa amfumu. Ndipo m'mawa mwake adzukebe tambala woyamba, asese pabwalo, atunge madzi osamba a malume omwewo, kenaka atenge makope ake n'kutsata njanji kupita kusukulu.