Nthenga za Penguin ndi Mafuta a Sitima ya Treasure

Tayang'anani nthenga imodzi yokha ya penguin, abale anga, imodzi yokha! Timaulusi take tili ndi tizingowe tosaoneka ndi maso, tokolanakolana, ndipo nthengazo zimasanjikizana ngati udzu wofolera bwino denga: madzi kunja, mpweya wofunda m'kati. Cha kumchira, Namalenga anaikako kachiwalo kotulutsa mafuta, mbalame n'kumatapa ndi mlomo, kudzola, kupesa, kudzolanso. N'chifukwa chake penguin imasambira m'madzi ozizira a Benguela khungu lili louma. Anaiphunzitsa ndani? Mwini wake amene anaiumba!

Pa 23 June 2000, sitima ya Treasure, yonyamula miyala ya chitsulo, inamira pakati pa zilumba za Robben ndi Dassen ku South Africa, mafuta oposa matani 1,000 n'kukhuthukira m'nyanja. Mbalamezi pafupifupi 19,000 zinada bii. Kalanga ine! Mafuta akudawo amamata nthenga, tizingowe tija n'kumasuka, kuzizira n'kulowa mpaka m'mafupa. Mbalame ikati idzipese monga inalengedwera, imameza poizoni. Ukhondo wake womwewo ndiye umaipha.

Bungwe la SANCCOB ndi anthu ongodzipereka masauzande anazisambitsa imodziimodzi, kuzidyetsa nsomba pamanja, izo zikuwajompha, ndipo zambiri zinachira. Koma chondisiya kukamwa kuli yasaa ndi ichi: zina zoposa 19,000, zomwe mafuta anali asanazikhudze, anakazitula ku Cape Recife, kufupi ndi mzinda umene panthawiyo unkatchedwa Port Elizabeth, kuti apeze mpata woyeretsa gombe. Izo chuu m'madzi, ulendo wobwerera kwawo, makilomita pafupifupi 800. Popanda mapu, popanda wozilondolera! Zitatu, Peter, Pamela ndi Percy, anazimangirira timakina, anthu n'kumatsatira ulendo wawo pa intaneti.

Komatu bala limapola, chipsera n'kutsala. Ofufuza anapeza kuti anapiye a zosambitsidwa zija sankakula ambiri ngati a zinzake. Nako ku Alaska, mafuta a sitima ya Exxon Valdez, omwe anatayika mu 1989, ankapezekabe pansi pa miyala ya m'gombe zaka 20 zitadutsa. Taonaninso nzeru za Mlengi: m'nyanja anaikamo tizilombo ting'onoting'ono todya mafuta, ntchito yake kukonza, usana ndi usiku! Koma timafuna mpweya, ndipo pansi pa miyalapo mpweya sufika bwino, choncho timadya pang'onopang'ono, mafutawo n'kukhalabe akuda ndi onunkha kwa aliyense wofukula.