Kodi Nyimbo Ili ndi Mwini Wake?

Ku Japan kuli gulu lotchedwa Osaka Monaurail, lomwe kuyambira 1992 lakhala likuimba funk motsata James Brown: masuti, malipenga akuthwa, ng'oma yosapumira. Mtsogoleri wake, Ryo Nakata, sanabadwire ku Georgia, ndipo makolo ake sanathyolepo thonje muukapolo. Pali anthu amene amati woimba wotere angathe kutsanzira mawu koma mtima wa nyimboyo sangaufike, poti unabadwa m'masautso a mtundu wina. Mlanduwu si wa ku Japan kokha. Ku Rumphi udazengedwa kalekale, ndipo umboni wa kumeneko ukusonyeza kuti mayimbidwe sayenda m'magazi, ngakhale kuti wowatenga amakhala ndi ngongole yoti abweze.

Taonani moyo wa Wambali Mkandawire. Anabadwira ku Congo mu 1952, kwawo kunali ku Mlowe ku Rumphi, m'mphepete mwa nyanja, ndipo ali mnyamata ankaimba nyimbo zamagitala zachizungu ndi gulu la Sounds Pentagon ku Blantyre. Atatembenuka mtima mu 1978 sanataye luso limene anaphunzira m'gululo. Analowa nalo mu New Song, gulu la Youth for Christ, ndipo pofika mu 2002, pamene anatulutsa chimbale cha Zani Muwone, jazz ya kutsidya kwa nyanja, ng'oma za kwawo, Chitumbuka ndi uthenga wa Khristu zinali zitalukana moti palibe akanazilekanitsa. Womvera wa ku Bolero samva mlendo m'nyimbozo, amamva mwana wa kwawo. Chikhala kuti mayimbidwe ndi chuma cha fuko limodzi, Wambali akanakhala wakuba kawiri: kubera anthu akuda a ku America, ndi kubera dziko kuti apatse mpingo.

Koma nyimbo za soul nazo zinabadwa mwa kuwoloka malire komweku. Mu 1954 Ray Charles anatenga kayimbidwe ka m'tchalitchi n'kuikamo mawu a chikondi cha mwamuna ndi mkazi, ndipo akhristu ambiri anakwiya nati wadetsa zopatulika. Wambali anayenda njira yomweyo chobwerera. Ku Japan, kumene akhristu ndi pafupifupi munthu mmodzi mwa 100 alionse, makwaya a gospel anachuluka m'zaka za m'ma 1990, ambiri mwa oimbawo asali okhulupirira. Kayimbidwe kamodzi katumikira guwa, bwalo la dansi ndi anthu osabatizidwa. N'kovuta kunena kuti chiyero kapena chidetso chili m'kugunda kwa ng'omako.

Wotsutsa woyamba ndi wamphamvu, ndipo ndi wa ku Rumphi komweko. Pa vimbuza, gule wochiritsa amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, amuna oimba ng'oma amasintha kagundidwe malinga ndi mzimu umene wagwira wodwala, amayi akuomba m'manja ndi kuthira mang'ombe, wodwalayo akuvina mangenjeza ali m'miyendo. Apa ng'oma si chiwiya wamba, imaitana. Amishoni a ku Livingstonia, amene anakhazikika ku Khondowe mu 1894, ankaopa magule otere, ndipo pa mfundo iyi iwo ndi nchimi, asing'anga a vimbuza, ankagwirizana: onse ankakhulupirira kuti ng'oma ili ndi mphamvu. Ine sindikana mphamvuyo. Koma chimene chimachiritsa pa vimbuza ndi mudzi wonse wosonkhana usiku chifukwa cha munthu mmodzi wovutika, nchimi yodziwa matenda, ndi chikhulupiriro cha onse ali pamenepo. Kagundidwe komweko kakaimbidwa pa chionetsero cha zachikhalidwe masana, anthu amaombera m'manja n'kubalalika. Ndipo mpingo wa Livingstonia womwewo, m'nthawi ya Donald Fraser, unalola Mawelera Tembo ndi Peter Thole kupeka nyimbo za Mulungu pa mayimbidwe a Angoni, zomwe zikuimbidwabe m'Sumu za Ukhristu popanda wina kumva kuti akuitana nkhondo.

Wotsutsa wachiwiri amati kunena kuti nyimbo ilibe mwini ndi kutsegulira khomo akuba. Apa ndipomwe pali ngongole ija. Gulu la ku Japan la Chanels, lomwe pambuyo pake linadzatchedwa Rats & Star, linatchuka mu 1980 oimba ake atadzipaka nkhope zakuda. Ankati akulemekeza oimba akuda, koma chimene anatenga ndi khungu, ngati kuti ululu wa anthu ndi chovala. Osaka Monaurail inachita zosiyana: inafunafuna Marva Whitney, amene ankaimba ndi James Brown koma dziko litamuiwala, inajambula naye chimbale mu 2006 ndi kuyenda naye m'mayiko, dzina lake lili patsogolo. Awa anabweza ngongole kwa munthu wamoyo. Wambali anabweza yake mwa njira ina: sanadziyese Mmereka, anaika m'mayimbidwe obwerekawo chilankhulo cha agogo ake ndi nkhawa za anthu ake, kufikira imfa yake mu Januwale 2021. Wachinyamata wa ku Rumphi amene lero akujambula nyimbo pa kompyuta, kagundidwe atakatenga ku Lagos kapena ku Johannesburg, asafunsidwe ngati ali ndi chilolezo. Afunsidwe ngati akudziwa amene anamubwereka, ndi chimene iye waikamo chomwe mwini wakeyo sakanatha kuikamo.