MUSANYAMULE LIKASA KU NKHONDO
Mau kwa ana a Folomu 4 ndi makolo ao a kwa Nthache

Manachesi ayamba kupsa m'minda ya kuno ku Mwanza, ndipo amai anu ayamba kale kuwasenza m'madengu kunka nawo ku msewu waukulu wa ku Blantyre, kuti apeze ndalama ya fizi ya chigawo chanu chotsiriza. Posachedwa mubwerera ku sukulu zanu za Eklezia, ena kufupi, ena kutali, ndipo mukadzabweranso kuno mudzakhala mutalemba mayeso a MSCE. Musanamange katundu wanu, ndifuna kuti tikambirane za liu limodzi limene nonse mulidziwa, ngakhale simulitchula pamaso pa ansembe. Liulo ndi likasa.

Moyo wa chaka chotsiriza ndiudziwa, pakuti inenso ndidaupyola. Mwana amadzuka tambala asanalire, nakhala ndi kope lake pansi pa nyali ya pakhonde, wina mpaka kuviika mapazi m'madzi ozizira kuti tulo timuchoke. Belu la Misa likalira, mtima umadandaula kuti nthawi yowerenga ikutayika. Pa nsima ya nyemba nkhani ndi imodzi yokha, ya mapointi: aliyense adziwa kuti amawerengedwa pa maphunziro 6 amene munthu wakhoza koposa, kuti ochepa ndiwo abwino, ndi kuti wolephera Chingerezi satifiketi saiona. Tsono mantha akakula chotere, pamabwera mnzako usiku, nakunong'oneza kuti pepala lapezeka, pangofunika ndalama pang'ono.

Kodi mudayamba mwadzifunsa kumene liu limeneli lidachokera? M'Malembo Oyera likasa ndilo bokosi lopatulika la Chipangano, m'mene munkasungidwa miyala iwiri ya malamulo khumi a Mulungu. Ha, zomvetsa chisoni! Dzina la bokosi losunga lamulo lachisanu ndi chiwiri, loletsa kuba, ndi lachisanu ndi chitatu, loletsa kunama, ana a masiku ano alipereka kwa kapepala kobisa m'sokosi, kamene ntchito yake ndi kuba ndi kunama komweko.

Tamverani tsono zimene zidachitika pa buku loyamba la Samuele, mutu 4. Aisraele adakomana ndi Afilisti ku Afeki, nagonja, ndipo adafa anthu ngati 4,000. Akuluakulu ao sadafune kufufuza mitima yao kapena kulapa. Adangoti atumize anthu ku Silo akatenge likasa, kuti liwapulumutse monga chithumwa. Likasa litafika mu msasa, adapfuula mpaka nthaka kugwedezeka. Koma adagonja koposa kale: adafa asilikali 30,000, likasalo lidalandidwa, ndipo Hofeni ndi Finehasi, ana a wansembe Eli amene adaliperekeza, adafera pomwepo. Eli, nkhalamba ya zaka 98, atamva mbiriyo adagwa chagada pa mpando wake, nathyoka khosi.

Ana anga, dziko lathu lidaona kale nkhondo yotere. M'chaka cha 2020 sukulu zidatsekedwa m'mwezi wa Marichi chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo a Folomu 4 adakhala miyezi yambiri kwao. Atabwerera, nayamba kulemba, mapepala a mayeso adapezeka akuyenda m'mafoni, kotero kuti mu Novembala boma lidathetsa mayeso onse a MSCE. Ana a dziko lonse adalembanso mu Januwale 2021. Amene adaba adali ena, koma chilango chidagwera onse, ngakhale mwana wamasiye amene sadakhudzeko foni chibadwire. Ndimo mmene tchimo lichitira: wodya ndi mmodzi, koma m'mimba mupweteka mudzi wonse.

Ine ndemwe ndidali ndi bwenzi m'kalasi lathu, mnyamata wanzeru kuposa ine pa masamu. Patatsala sabata ziwiri, adalembera atate ake kuti kusukulu kufunika ndalama ya mabuku, ndipo iwo adagulitsa mbuzi. Ndalamayo adagulira pepala. Adaloweza mayankho ake usiku utatu, osatsegulanso buku. Tsiku la mayeso ndidamuona akutembenuza pepala lenileni, kutsogolo ndi kumbuyo, thukuta lili kamukamu, pakuti panalibe ngakhale funso limodzi la zimene adaloweza. Mbala idamubera, ndipo sakadatha kukadandaula kwa wina aliyense. Ndiulule kuti inenso adandionetsa pepalalo, ndipo chimene chidanditchinjiriza sichidali ungwiro, koma mantha okha. Mulungu amagwiritsa ntchito ngakhale mantha, koma kwa inu ndifuna chinthu choposa pamenepo.

Wina anganene kuti: Bambo, nanga pepala likakhala lenileni, ndipo wosagwidwa? Apo ndipo poopsa kwambiri. Satifiketi ndi umboni. Imanena kwa anthu onse kuti mwana uyu adziwa zakuti. Ukaipeza mwakuba, udzaitenga kunka nayo ku sukulu ya unamwino kapena ya uphunzitsi, nulanda malo a mnzako amene adaikhetsera thukuta, ndipo bodza la tsiku limodzi lidzakhala likudya nawe m'mbale moyo wako wonse. Woyang'anira mayeso angathe kuyang'ana kumbali, koma Mulungu sapenya kumbali.

Palinso likasa lachiwiri, limene ana a sukulu za Katolika amalikonda. Uyu chaka chonse wakhala akugona pa nthawi yowerenga, Misa akuithawa. Tsono pa tsiku la mayeso wavala korona m'khosi, nabwera kwa ansembe kuti amudalitsire cholembera. Korona ndi woyera, madzi odalitsa ndi oyera, monga likasa la ku Silo lidali loyera; koma Mulungu salola kusandutsidwa chithumwa cha waulesi. Pempherani korona ndithu, koma mutapemphera tsegulani buku. Mlimi wa kuno apempha mvula khasu lili m'manja.

Ndi inu makolo, kumbukirani kuti Eli sadabe kanthu. Mlandu wake udali wakuti adadziwa zochita za ana ake, osawaletsa. Mwana akakupemphani ndalama yachilendo m'chigawo chino, funsani bwino, ngakhale kuimbira mphunzitsi wamkulu. Ndiponso musamusenzetse mau olemetsa akuti akalephera asadzapondenso pakhomo, pakuti mau oterewa ndiwo amakankhira ana kwa ogulitsa mapepala. Muuzeni poyera kuti mapointi ambiri a thukuta lake muwalandira ndi manja awiri, koma ochepa akuba simuwafuna m'nyumba mwanu. Wolephera angathe kubwereza. Akuluakulu adati tsokonombwe adatha mtunda ndi kudumpha.

Tsono, ana anga, chitani zinthu zitatu izi. Choyamba, mukangofika kusukulu pitani ku Sakramenti la Kulapa, ndipo amene adapereka kale ndalama aileke itayike. Chachiwiri, wodziwa masamu athandize mnzake masana pa bolodi, pakuti chimenechi ndicho chikondi, osati kumuonetsa yankho m'chipinda cholembera. Chachitatu, musaleke Misa chifukwa cha mabuku. Theka la ora limene mupereka kwa Ambuye m'mawa ndilo lidzakhazika mtima wanu pansi pamene pepala liikidwa patsogolo panu.

Ife otsala kuno kwa Nthache tidzakupemphererani m'Limana lililonse kufikira tsiku lanu lomaliza. Maria Virigo Woyera, amene adanyamula Mwini malamulo m'mimba mwake, akusungeni. Mubwere kwanu ndi manja oyera, ndipo Mulungu Wamphamvuzonse akudalitseni, Atate ndi Mwana ndi Mzimu Woyera. Amen.