Mawu a Munthu ndi Kutalika kwa Moyo Wake

Khansa ya m'kholingo ikakula, wodwala ndi dokotala wake amakumana ndi funso limene zipangizo za m'chipatala sizingayankhe, lakuti kodi moyo uziyezedwa ndi kuchuluka kwa zaka basi, kapena mawu amene munthu amapempherera, kulangizira ana ndi kudziyankhira pa mlandu nawonso ali ndi mtengo wake. Kholingo ndi chiwalo cha pakhosi chimene chimatulutsa mawu, komanso chimatseka njira ya mpweya munthu akamameza kuti chakudya chisapite m'mapapo. Theodor Billroth anachotsa kholingo lonse la wodwala ku Vienna mu 1873, ndipo opaleshoniyi inadzakhala njira yodalirika yopulumutsira moyo, ngakhale kuti wochitidwayo amapumira pa bowo la pakhosi mpaka imfa, amaliphimba posamba kuopa madzi, ndipo kuti alankhule amagunditsa kamakina pakhosi kapena kuphunzira njira zina zotulutsira mawu.

Mu 1981, Barbara McNeil ndi anzake ku America anafunsa anthu athanzi, ena a iwo ozimitsa moto, ndipo pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse anati angalole kuika zaka zina pachiswe kuti asunge mawu. Kafukufukuyo anali ndi chofooka chake, poti wosadwala amayankha mopepuka, koma anaonetsa kuti si onse amene amaona utali wa moyo ngati chinthu choposa zonse.

Zipatala za asilikali opuma ku America zitayesa odwala 332, zinalengeza mu 1991 kuti mankhwala opha maselo a khansa, otsatiridwa ndi radiotherapy, kumene ndi kuwotcha chotupa ndi cheza champhamvu, anasunga kholingo mwa odwala 64 pa 100 alionse, ndipo pa zaka ziwiri chiwerengero cha amoyo sichinasiyane ndi cha ochitidwa opaleshoni. Ambiri anaganiza kuti mkangano watha, koma unangosamukira pena, chifukwa kholingo likhoza kutsala pakhosi koma litauma ndi zipsera za cheza, mwini wake akutsamwa ndi madzi omwe ndi kudyera m'chubu cha pamimba. Kholingo lotere lasungidwa m'mabuku a chipatala mokha, pakuti chimene wodwala ankapempha chinali kulankhula ndi kudya nsima pamodzi ndi abale ake. Komanso chotupa chikaboola chichereŵechereŵe cha kholingo, opaleshoni ndi imene imapereka mwayi waukulu wokhala ndi moyo, ndipo dokotala wobisa zimenezi pofuna kusangalatsa wodwala amamulanda ufulu umene akuoneka ngati akuulemekeza.

Papa Pius XII anaphunzitsa mu 1957 kuti munthu ali ndi udindo wolandira chithandizo chamasiku onse, koma sakakamizidwa kunyamula cholemetsa mopitirira muyeso, ndipo muyesowo umadalira munthuyo, malo, nthawi ndi chikhalidwe. Mfundoyi siuza aliyense chosankha, komabe imaika chigamulo m'manja oyenera, pakuti kutaya mawu kumalemera mosiyana kwa mlaliki, mphunzitsi ndi mlimi, ndipo dokotala, ngakhale amadziwa kukula kwa chotupa, sangadziwe kulemera kumeneku asanamve kwa wodwalayo pamene akadali ndi mawu onenera.