Zakwana, Adada

Padangokhala mdala wina ku Champhira, kum'mwera kwa boma la Mzimba, amene anali ndi ng'ombe 23. Mudzi wake unali chapatali ndi msewu wa M1, moti mkokomo wa mathiraki opita ku Mzuzu unkamveka usiku wokha, mphepo ya ku Viphya ikaleka. Kwa Angoni a kumeneko khola, limene eni ake amati chibaya, ndiye nkhokwe ya chuma, ndiye ulemu wa mudzi, ndiyenso malowolo a ana aamuna. Choncho mdalayu sankagona asanamve za kukhola.

Woweta ng'ombezo anali mwana wake wotsiriza, mnyamata wanzeru kusukulu koma waphuma. Dzuwa likamalowa ankazilowetsa m'khola, n'kutseka ndi mipiringidzo, n'kuthamangira kunsima. Bambo ake, ali pachikumba pakhonde, ankafunsa kuti, "Zakwana?" Iye ankayankha akusamba kale m'manja, "Zakwana, adada." Zinatero kwa zaka.

Tsiku lina masana, mnyamatayo akusambira ndi anzake kudambo, mdala uja anapatula thole lofiira lamawanga pamphumi, losiya kale kuyamwa, n'kukalisiya kukhola la mlamu wake kutsidya. Madzulo anafunsa monga mwa masiku onse, ndipo anamva kuti zakwana. M'mawa mwake, zakwana. Usiku wachitatu anasintha funso.

"Kodi lofiira lija, lamawanga pamphumi, lagona mbali iti?"

Mnyamata anayatsa muuni n'kupita kukhola. Anakhalitsako. Pobwera miyendo inali italemera, muuni utazima m'manja. Amayi ake anayamba kale kumupepesera, poganiza kuti chikoti chili pafupi. Koma mdala anamuuza kuti akhale pansi.

"Mwananga, walakwa, koma woyamba kulakwa ndine. Zaka zonsezi ndakhala ndikukufunsa funso limene yankho lake ndakuikira kale pakamwa. Ngakhale fisi akanatenga khumi, iwe ukanati zakwana, ine n'kugona tulo tabwino."

Kuyambira tsiku limenelo mafunso a madzulo anasintha. Zilipo zingati? Yotsimphina ija yadya? Yomaliza kulowa ndi iti? Ndipo pakapita miyezi ingapo, popanda kuchenjeza, thole lina linkasowa n'kukapezeka kwa alamu.

Mnyamata uja anakula. Monga anyamata ambiri a ku Mzimba, anakwera basi ya ku Joni, kudzera ku Mwanza, ku Tete, ku Zimbabwe mpaka kuwoloka pa Beitbridge. Anayamba ndi kunyamula mawaya, akuphunzira usiku, mpaka anakhala mkulu wa kagulu kosamalira makompyuta otchedwa maseva m'nyumba ina yaikulu ku Johannesburg. Mdala uja anamwalira. Koma nkhani ya thole inatsala pakamwa pa agogo aakazi, amene ankaifotokozera mdzukulu wawo, mwana wamkazi wa mkulu wake wa mnyamata uja, uku akusenda mbatatesi. Mtsikanayo anaphunzira za makompyuta ku yunivesite ya Mzuzu, ndipo atamaliza, bambo ake aang'ono anamupezera malo pantchito pawo.

Tsiku loyamba anamulowetsa m'chipinda chozizira ngati m'mawa wa mu June ku Chikangawa, mophokosera ngati chigayo. Maseva anali atasanjikizana m'makabati achitsulo, mizeremizere. Bamboyo anatsegula imodzi n'kuloza kachipangizo kakuda, kosaposa sitampa ya pakalata.

"Ukakaona aka, mwananga, waona mlonda. Dzina lake ndi BMC. Seva ikazimitsidwa, iko sikagona, bola chingwe cha magetsi chili pakhoma. Kamayeza kutentha, kamawerenga liwiro la mafani, kamaona mphamvu ya magetsi. Mkati mukatentha, ndi iko kamene kamauza mafani kuti athamange. Munthu ali ku Cape Town akhoza kuzimitsa seva iyi n'kuiyatsanso kudzera mwa iko."

Kamlondako kali ndi pulogalamu yakeyake, imene amisiri amati firmware. Makampani ena ali ndi yawo: a Dell amati iDRAC, a HPE amati iLO. Pamalo apa ankagwiritsa ntchito OpenBMC, yomwe aliyense akhoza kuiwerenga ndi kuikonza, imene mu 2018 inalowa pansi pa Linux Foundation mothandizidwa ndi IBM, Intel, Google, Facebook ndi Microsoft. Poyankhula ndi kamlondako, akale ankadalira IPMI ya mu 1998, koma achinyamata anazolowera Redfish ya mu 2015, imene imafunsa ndi kuyankha monga amachitira masamba a pa intaneti.

Firmware yatsopano ikabwera, saiika pa maseva mazanamazana isanayesedwe, chifukwa mlonda akadwala, khola lonse lili pachiswe. Kuyesa pamanja kungadye milungu. Choncho bamboyo, zaka zapitazo, analemba mayeso odziyendetsa okha pogwiritsa ntchito Robot Framework. Usiku uliwonse mayesowo ankadzuka okha, kuika firmware pa maseva ochepa oyeserapo, kuwazimitsa, kuwayatsa, kufunsa kamlonda mafunso ambirimbiri. M'mawa lipoti linkabwera: chobiriwira ndiye kuti zadutsa, chofiira ndiye kuti zalephera. Kwa miyezi yambiri linkabwera lobiriwira lokhalokha ngati dimba la kabichi ku Jenda, ndipo mabwana ankamuyamikira Mmalawiyu pamisonkhano.

Mtsikana uja anapatsidwa ntchito yotsegula lipotilo m'mawa uliwonse. Sabata yoyamba anakondwa. Yachiwiri anakondwabe. Pofika mwezi wachitatu, kubiriwirako kunayamba kumusowetsa mtendere. Madzulo ena, anzake ataweruka, anapita pa seva ina yoyeserapo, anatsegula chivundikiro, anagwira fani yachinayi ndi zala ziwiri n'kuizula. Anaiika m'chikwama n'kupita kwawo.

M'mawa lipoti linabwera lobiriwira lonse.

Anatsegula mayeso a mafani n'kuwerenga mzere ndi mzere. Kamlonda sikanali ndi mlandu: kanali katanena poyera kuti fani yachinayi palibe. Koma yeso linkangoona ngati yankho labwera ndi nambala 200, imene pa intaneti imatanthauza kuti pempho lamveka ndipo layankhidwa. Zimene zinali m'kati mwa yankholo silinkaziwerenga. Yeso la kutentha linalinso chimodzimodzi: likalandira nambala iliyonse, linkakhutira.

Mtsikanayo sanauze munthu msanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Analemba yeso lakelake: lipatse purosesa, ubongo wa seva, ntchito yolemetsa kwa mphindi khumi, kenako lifunse ngati kutentha kwakwera, ndi ngati mafani awonjezera liwiro, lichotse ntchitoyo, lionenso ngati kutentha kwatsika. Analisiya kuti lizibwereza usana ndi usiku pa firmware yatsopano imene inkayembekezeka kuikidwa kumapeto a mwezi. Tsiku loyamba zinayenda bwino. Lachiwiri zinayenda bwino. Usiku wachitatu chofiira chinatulukira. Purosesa inali ikugwira ntchito mwamphamvu, koma kamlonda kankangonena madigiri 41, mphindi ndi mphindi, osasuntha. Kagawo ka pulogalamu kowerenga kutentha kanali katauma, koma kagawo koyankha mafunso kanali moyo, kakubwereza nambala yomaliza imene kanamva. Mafani, pokhulupirira nambalayo, ankazungulira mwaulesi.

Anadikira kuti ena atuluke mu ofesi, chifukwa mwana sadzudzula kholo pagulu. Kenako anaika fani ija patebulo la bambo ake aang'ono.

"Adada, pepani, ndili ndi kanthu. Iyi yagona m'chikwama changa masiku anayi, koma lipoti likuti zonse zili bwino. Ndiponso firmware yatsopanoyi ikuiwala kuyeza kutentha ikakhala masiku angapo."

Nkhope ya bamboyo inagwa. "Ndani anakuuza kuti uzizula zinthu? Mayeso onse akudutsa, lako lokha ndi limene lafiira, kamodzi kokha. Wodwala ndi yeso lakolo. Iwe wabwera dzulodzuloli."

"Adada, tingodikirako sabata imodzi."

"Sabata ndilibe, mwananga. Ndinalonjeza kale."

Tisafulumire kumuweruza bamboyu. Munthu wobwera m'dziko la eni amagwira ntchito akudziwa kuti cholakwa chake chimaoneka kawiri. Mayeso aja ndi amene anamukweza pantchito, ndi amene anamanga nyumba yamalata kumudzi, ndi amene analipira sukulu ya mtsikana yemweyu. Kuvomera kuti anali akhungu kunali ngati kugwetsa nsanamira imene watsamira. Ine mtima wakewo ndimaumva, ndipo ndi chifukwa chake zimene anachita zimandipweteka: analemba chizindikiro pa yeso la mtsikanayo kuti lizidumphidwa. Lipoti linabiriwiranso. Chimodzi chokha chimene anamumvera, atamuchonderera kwambiri, chinali kuika firmware ija pa theka la maseva, ena n'kuwasiya ndi yakale.

Unali mwezi wa November. Kumudzi mitambo inali itayamba kusonkhana, ndipo aliyense wa ku Joni ankatumiza ya feteleza. Ena mwa maseva aja ankanyamula ntchito za kampani ina yotumizira ndalama kunja. Malipiro a kumapeto a mwezi atatuluka, anthu anakhamukira kukatumiza, ndipo maseva anayamba kusenza katundu amene sanasenze mwezi wonse. Pa ambiri mwa iwo, kamlonda kanali katauma kale pa nambala ya usiku wozizira, wopanda ntchito. Mapurosesa anatentha. Purosesa ikatentha kwambiri imayamba yadzichepetsera liwiro, zikapitirira imadzizimitsa yokha kuti isapse. Choncho ntchito inayamba kukwawa, kenako maseva anayamba kuzima, ina pambuyo pa inzake, katundu wawo n'kugwera otsala, amene sakanatha kuusenza okha.

Bamboyo anathamangira pa kompyuta yake yoonera thanzi la maseva. Kutentha: bwino. Mafani: bwino. Matelefoni akulira mbali zonse, koma pagalasi pali pobiriwira.

Tsiku lomwelo ku Jenda, gogo wina wa ku Champhira anali atakhala pabenchi kwa wothandiza kutapa ndalama, chiphaso chake atachimanga pakona ya chitenje. Anabwera pa kabaza m'mamawa, atauzidwa ndi mwana wake wa ku Joni kuti ya matumba awiri watumiza. Mnyamata wa pakauntala ankangoti, "Agogo, sizikutheka, dikirani pang'ono." Anadikira mpaka amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu anayamba kulongedza. Ya kabaza yobwerera anachita kubwereka. Mvula inamupeza panjira.

Usiku umenewo bamboyo ndi mwana wa mkulu wake sanagone. Mwamwayi kamlonda kankamvabe malamulo, choncho anabwezeretsa firmware yakale pa seva iliyonse n'kuiyatsanso. Theka limene mtsikana anachonderera lija ndi limene linapulumutsa zinthu kuti zisafe zonse. Kunja kukuyera, foni ya bamboyo inalira. Anali amayi ake, pa foni ya mneba.

"Mwananga, ndinapita, koma akuti makina awo sakugwira. Kodi watumizadi?"

"Ndatumiza, amama. Mupiteko lero, mukaipeza. Ya kabaza ndiwonjezera."

"Mawu akowo bwanji? Kuntchito kuli bwino?"

Anatsegula pakamwa kuti ayankhe monga amayankhira masiku onse, koma mawu sanatuluke. Patapita kanthawi anati, "Ayi amama, sikuli bwino. Ndalakwitsa ine. Koma tikukonza, ndili ndi mdzukulu wanu pano."

Ataika foni pansi, anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anatsegula kabati ya tebulo lake, natulutsa fani ija, naitembenuzatembenuza m'manja.

"Nkhani ya thole lofiira anakuuza ndani?"

"Agogo, adada."

"Anakuuzanso kuti woweta uja anali ndani?"

Mtsikana anayang'ana pansi. "Anandiuza."

M'mawa womwewo bamboyo anakaima pamaso pa mabwana ake n'kufotokoza zonse, osabisa kuti chenjezo analandira ndipo analikankhira pambali, osabisanso dzina la amene anamuchenjeza. Anamudzudzula kwambiri, ndipo bonasi ya chaka chimenecho sanaione. Koma ntchito inatsala. Miyezi iwiri yotsatira, awiriwo anakhala pamodzi n'kutsegula mayeso onse, limodzilimodzi. Lililonse ankalifunsa chinthu chimodzi: kodi chitawonongeka n'chiyani kuti iwe ufiire? Kenako ankawononga chinthucho dala, pa seva yoyeserapo. Ankazula fani, ankachotsa chingwe chimodzi cha magetsi, ankazimitsa magetsi firmware ili pakati polowa, ankaumitsa kagawo kowerenga kutentha. Yeso limene linkakhalabe lobiriwira ankalilembanso. Ena mwa mayeso amene bamboyo ankawanyadira kwambiri anapezeka kuti sakanafiira ngakhale seva itaponyedwa m'madzi, ndipo anawafufuta ndi dzanja lake.

Lipoti la m'mawa linasiya kukongola. Masiku ambiri linkabwera ndi madontho ofiira awiri kapena atatu, ndipo kagulu konse kankakhala pansi kufufuza gwero lake.

Lachisanu lina madzulo, anthu onse ataweruka, bamboyo analowa yekha m'chipinda chozizira chija. Sanauze aliyense, ngakhale mwana wa mkulu wake. Anasankha seva ya pakona, anazula fani yachiwiri, naiika m'thumba la jekete. Anabwerera mu ofesi, anadzithirira tiyi, nakhala pansi akuyang'ana wotchi. Tiyi asanazizire, anamva mapazi akuthamanga pakhonde, ndipo mtsikana uja anasuzumira pakhomo, chikwama chili kale paphewa, foni ili m'manja.

"Adada, seva ya pakona, fani yachiwiri palibe."

"Zilipo zingati?"

"Zisanu. Zimayenera kukhala zisanu ndi imodzi."

Bamboyo anapisa dzanja m'thumba, naiika fani ija patebulo. "Yewo, mwananga. Kaibwezere, tizipita, basi ingatisiye."