Khutuba ya Lachisanu: Dzanja Likalankhula M'chinenero Chachilendo

Tikumutamanda Allah amene anatipatsa manja ndi lilime, ndipo mtendere ndi madalitso zikhale pa Mtumiki wake Muhammad, akubanja kwake ndi Maswahaba ake.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, ife a ku Angónia tinakulira pamalire. Mbatata yathu imatsikira ku Tete, ina imadutsa pa Calómuè kulowa ku Dedza, ndipo m'misika ya ku Ulónguè timagulana malonda ndi anthu amene sitimvana nawo chinenero. Mawu akatithera, dzanja ndilo limalankhula. Tsono dzanja nalo lili ndi zinenero zake.

Kwathu kuno munthu timamukodola chikhatho chitayang'ana pansi, ndipo kumuitana ndi chala chimodzi n'kumuyesa galu. Mlendo sadziwa zimenezi. Ifenso zathu zosadziwa zilipo. Kukumaniza chala chachikulu ndi chamkombaphala kukhala ngati mphete, ambiri amati n'kunena kuti zili bwino, koma kwa anthu a ku Brazil, onga amene anabwera ndi kampani ya Vale ku migodi ya malasha ya ku Moatize, n'kutukwana. Kulowetsa chala chachikulu pakati pa zala ziwiri, kumene Apwitikizi amakutcha figa nakuyesa chopewera tsoka, ku Turkey n'chipongwe chosatchulika pagulu.

Funso lathu nali: ngati mtima unali woyera, dzanja lalakwa kodi?

Tinaphunzira kuti Allah amayeza ntchito ndi niya ya mwiniwake, choncho wochita mosadziwa alibe tchimo. Koma pofuna kuthawa mlandu, ambiri a ife timaima pomwepo. Tiyeni tipitirire. Maswahaba ankamuuza Mtumiki (SAW) mawu akuti raa'inaa, pomupempha kuti awaganizire pamene akuwaphunzitsa. Niya yawo inalibe banga. Koma ena a ku Madina ankawapotoza mawuwo kuti amveke ngati chipongwe, ndipo m'Sura al-Baqara, ndime 104, okhulupirira analamulidwa kuwasiya ndi kutenga ena. Taonani: oyera mtima ndiwo anauzidwa kusintha. Sanauzidwe kuti apitirize poti iwo akudziwa chimene akutanthauza. Pamene tauzidwa kuti chizindikiro chakuti chimamupweteka mnzathu, umbuli watha, ndipo kuchibwereza ndi kusankha. Amene amati "kwathu timatero" atachenjezedwa kale, sakuteteza mwambo. Akuteteza kudzikuza kwake.

Komanso tisadzinamize kuti chimene lilime silinatchule sichilembedwa. Abu Dawud ndi Tirmidhi analandira nkhani ya mayi wathu Aisha (Allah asangalale naye), amene ananena za kufupika kwa mkazi mnzake Safiyya, ndipo malinga ndi Tirmidhi anachita kusonyeza ndi dzanja. Mtumiki anamudzudzula mwamphamvu. N'chifukwa chake Imamu al-Ghazali, amene anamwalira mu 1111, anaika kuloza, kutsinzinira diso ndi kuyerekeza kayendedwe ka munthu m'gulu la miseche. Achinyamata athu otumizirana tizithunzi ta zala pa WhatsApp amve bwino pamenepa, pakuti chala chojambulidwa ndi chala ndithu. Sura Yasin, ndime 65, ikutiuza za tsiku limene pakamwa padzatsekedwa ndipo manja ndiwo adzapereke umboni.

Nanga ife tikakhala olandira? Wamalonda wachilendo akatipatsa ndalama ndi dzanja lamanzere, kapena akaloza mkulu ndi chala, magazi amawira. Tisanamuweruze, tikumbukire kuti Sura al-Hujurat imatiletsa kuchulutsa zoganizira anzathu zoipa, ndipo m'sura yomweyo tikuuzidwa kuti mitundu inalengedwa yosiyana kuti idziwane. Timutengere pambali, timusonyeze mmene kuno timalandirira ndi manja awiri, ndi mmene timaombera m'manja pothokoza. Akabwereza mwadala, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo akulu alipo oti aiweruze.

Tikupempha Allah atikhululukire ife ndi inu, makolo athu ndi Asilamu onse, amoyo ndi amene anatsogola. Imirirani ku Swala.