Nkhongole ya mai amene ali yekha

Kuwerenga mau: 2 Mafumu 4:1-7



Tsiku lina titaweruka ku msonkhano wa Cigwirizano, tinakhala pakhonde kudikira kuti mvula ikate. Amai awiri anayamba kutsutsana pa nkhani ya nkhongole. Wina, amene ali pabanja, anauza mnzake amene sanakwatiwe kuti, "Inu muli ndi mwai. Ndalama yanu ndi yanu, mukafuna kubweza nkhongole palibe wokuletsani." Mnzakeyo anaseka nati, "Amai, inu mukadwala abambo apita kunchito. Ine ndikagona, mphika nawo ugona." Sindinayankhe kanthu tsiku lija, pakuti onse awiri ananena zoona. Koma nditafika kunyumba ndinatsegula Buku Lopatulika pa nkhani ya mai wamasiye amene anapita kwa Elisa, ndipo ndifuna kuti tiisinkhesinkhe pamodzi.

Mai ameneyu anali mkazi wa mmodzi wa ana a aneneri, tinene kuti anali amai abusa a nthawi imeneyo. Mwamuna wake anali woopa Mulungu, koma anamwalira asanabweze mangawa. Mwini ndalama anali panjira kudzatenga ana ake awiri aamuna kuti akhale akapolo. Lamulo la Mose linalola kuti wosauka agwirire nchito amene anamkongoza, ngakhale linaika malire: pa Eksodo 21:2 Mhebri anayenera kumasulidwa caka cacisanu ndi ciwiri. Koma zaka 6 ndi zambiri kwa mai amene alibe wina womlimira. Josephus, Myuda wolemba mbiri yakale, analemba kuti mwamunayo anali Obadiya, uja anabisa aneneri 100 m'mapanga masiku a Yezebeli, ndi kuti anakongola ndalamazo pofuna kuwadyetsa. Baibulo silinamchule dzina, ndipo sitimangapo ciphunzitso. Koma zitikumbutsa kuti si nkhongole iriyonse imabwera cifukwa ca uchisi kapena kukonda zinthu. Tisafulumire kuweruza.

Taonani cinthu coyamba. Nkhongole imeneyi inalowa m'nyumba mwamuna ali moyo, ndipo inabwezedwa mai ali yekha. Cotero amene aganiza kuti ukwati ndiwo mankhwala a nkhongole awerengenso ndime yoyamba ija. Tiwadziwa amai amene anayamba kumva za nkhongole ya amuna awo pa tsiku la maliro, anthu akubwera ndi timapepala tosainidwa. Tiwadziwanso ena amene akolola cimanga ndi nsawa, koma ndalama yake saiona, ithera kumowa kapena kunyumba ina. Malipiro awiri m'nyumba athandiza pokhapokha ngati mitima iri pamodzi ndipo palibe cobisirana.

Nanga mbeta, kaya amene sanakwatiwe, kaya wosudzulidwa, kaya wamasiye, iye zimpepukira? Mbali ina inde. Paulo pa 1 Akorinto 7 anaona kuti mkazi wosakwatiwa mtima wake sugawikana monga wa wokwatiwa. Ngakhale iye ananena za kutumikira Ambuye, pa ndalama ziri cimodzimodzi. Mai ali yekha akatsimikiza kuti mwezi uno tidya ndiwo zamasamba ndi kapenta mpaka nkhongole ithe, palibe amene adzakwiya kuti nyama iri kuti. Cikwama ndi cimodzi, wolamula ndi mmodzi. Umenewu ndi ufulu weniweni, ndipo tisaupeputse.

Koma mbali inayo ndi yolemera, ndipo ndi imene ife apabanja sitiiona. Lendi ya nyumba sitsika cifukwa wogonamo alibe mwamuna. Malaiti, madzi ndi makala, mtengo wake ndi womwewo. Matenda akabwera, palibe dzanja laciwiri. Ndipo pamwamba pa zonsezi pali abale. Pakati pathu, mkazi wosakwatiwa amene ali pa nchito amayesedwa munthu wopanda mtolo. Maliro akagwa kumudzi, foni yoyamba ipita kwa iye. Mlongo akamwalira, ana atumizidwa kwa iye. Feteleza wa makolo ndi iye. Inde, kuyambira mu 2022 boma linacotsa fizi m'masukulu ake mpaka Giredi 12, ndipo tiyamika, koma yunifomu, nsapato, mabuku ndi ndalama ya kukoleji zikali pamutu pa wina. Akati akane, amva mau akuti, "Kodi ndalama mucita nazo ciani, popeza mulibe banja?" Pocita manyazi avomera, ndipo apita kukakongola.

Ndidziwa mai wina, mphunzitsi, amene analera ana anai a abale ake. Malipiro ake anali atadulidwa kale ndi nkhongole ya ku banki. Cilala ca 2024 citapsereza cimanga, kumudzi kunalibe cakudya, ndipo iye anapita kwa munthu wa kaloba nakongola K2,000, kuti pakutha pa mwezi abweze K3,000. Mwezi utatha anapeza K1,000 yokha, imene wa kaloba anaiwerengera ngati ciwongola dzanja cabe. Zinapitirira motero miyezi 6. Werengani nokha: anapereka K6,000, koma K2,000 ija inali ciimire. Khadi lake la ku banki linali m'thumba la wa kaloba. Masabata onsewo anabwera ku Cigwirizano atabvala yunifomu yocapa bwino, nayimba nafe, napereka copereka. Palibe mmodzi wa ife anadziwa. Miyambo 22:7 ifanizira wokongola ndi kapolo, ndipo ife tinali kupemphera pamodzi ndi kapolo osazindikira.

Cimene cinalemetsa mai uyu sicinali kusowa mwamuna ayi. Cinali cakuti anasenza yekha, mobisa. Ndipo apa ndi pamene wamasiye wa m'Baibulo atiphunzitsa. Iye sanakhale cete kusunga ulemu wa malemu. Anapfuula kwa munthu wa Mulungu, nanena zonse, za imfa, za mangawa, za ana. Ife timanena kuti mutu umodzi susenza denga, koma pa nkhongole timafuna kusenza denga lonse tokha, kuopa kuti anzathu atiseka.

Elisa sanamfunse kuti adzakwatiwanso liti. Sanamtumize kwa alamu ake. Anamfunsa cimene anali naco m'nyumba. Poyamba maiyo anayankha ngati alibe ciriconse, kenaka anakumbukira kambiya ka mafuta. Nkhongole imacititsa khungu, munthu aona zimene alibe zokhazokha. Mai mnzanga, khalani pansi ndi kope ndi pensulo. Lembani onse amene muli nawo nkhongole, ndalama zake ndi ciwongola dzanja cake, osasiyako ngakhale ya pafoni kapena ya pa kantemba. Tsamba linalo lembani cimene muli naco: makina osokera amene agona kuseri kwa citseko, kamunda ka kudimba, nkhuku, luso lophika vitumbuwa, cipinda copanda munthu. Ambiri aopa kulemba cifukwa aopa kuona ciwerengero. Koma nkhongole yosawerengedwa ikula mumdima.

Ndipo kwa amasiye ndinene ici, pakuti ambiri apusitsidwa. Lamulo la dziko lathu la 1989 lonena za cuma ca munthu womwalira wosalemba wilo linena kuti nkhongole za malemu zilipiridwe kucokera pa cuma cimene anasiya, cisanagawidwe. Cotsala ndico cigawidwa: magawo 50 pa 100 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo ndi 10 kwa ena amene anali kudalira malemuyo. Si cilungamo kuti abale atenge ng'ombe, njinga ndi mipando, nasiyira wamasiye timapepala ta nkhongole. Musasaine kanthu muli pa cisoni. Itanani abusa kapena akulu a mpingo akhale mboni. Mulungu amene pa Deuteronomo 24:17 analetsa kutenga cobvala ca wamasiye ngati cikole sanasinthe.

Pamenepo Elisa anamtuma kwa anansi kukabwereka zotengera zopanda kanthu, zambiri ndithu. Ganizirani manyazi ake, kugogoda khomo ndi khomo mudzi wonse ukudziwa kuti ali ndi mangawa. Koma anapita, ndipo anansi anampatsa. Anatseka citseko, iye ndi ana ake, ana akubweretsa mbiya, iye akutsanulira. Anawo anaona zonse. Ife timabisira ana, ndipo iwo apitiriza kupempha foni yatsopano osadziwa kuti amai awo sagona tulo. Mafuta analeka pamene zotengera zinatha. Ndipo maiyo sanathamangire kumsika kukagula citenje. Anabwerera kwa mneneri, amene anamuuza kuti agulitse mafuta, ayambe wabweza mangawa, ndipo cotsala adye ndi ana ake. Ndalama ya cilimba ikafika m'manja mwanu, kumbukirani dongosolo limeneli. Yambani ndi nkhongole imene ibala msanga, ya kaloba, ngakhale ina ikhale yaikulu koposa.

Cozizwa cinacokera kwa Mulungu, koma mbiya zinacokera kwa anansi. Anansiwo ndife, amai a Cigwirizano. Mpingo woyamba ku Yerusalemu unasankha amuna 7 cifukwa amasiye ena anali kuiwalika pogawa cakudya, monga tiwerenga pa Macitidwe 6. Kodi ife ticita bwanji? Tikamasonkha za msonkhano waukulu, za mphatso kapena za citenje catsopano ca gulu, tiika mtengo umodzi kwa onse, ndipo tiwerenga maina a osapereka pamaso pa anthu. Ndaonapo mai akukongola kuti dzina lake lisawerengedwe. Zimenezi zindicititsa manyazi, pakuti nanenso ndinakhalapo pa tebulo lowerenga mainalo. Ndipo tikafuna wokaphika pamaliro masiku atatu, timati apite uje, alibe mwamuna womdikira, kuiwala kuti masiku atatuwo sagulitsa kanthu pamsika.

Mphunzitsi uja anaulula kwa mai mmodzi wacikulire, patapita miyezi 6 ija. Maiyo anasunga cinsinsi, anaitana anzake atatu okha. Anasonkha K2,000, naperekeza mphunzitsiyo kwa wa kaloba, ndipo khadi linabwezedwa iwo akuona. Iye anawabwezera K250 mwezi ndi mwezi, popanda ciwongola dzanja, namaliza pa miyezi 8. Analemberanso abale ake kuwauza cimene angathe kucita ndi cimene sangathe. Ena anakwiya, ndipo mmodzi sanamlankhulebe mpaka lero. Mumkumbukire m'mapemphero anu, pamodzi ndi ana anai aja, pakuti wamkulu alemba mayeso a Giredi 12 caka cino. Amen.